Lamulo Lachitatu la Pampopi

Nyumba zanga za lendi zilipo zisanu ndi imodzi, zomangidwa mondondozana, ndipo ine ndimakhala kumapeto kwake komwe ndimaona aliyense wolowa ndi wotuluka. Anthu amati ndine wovuta. Sindikana. Mabanja asanu ndi limodzi, mpopi umodzi, mabafa awiri: ukachita zofewa, bwalo limasanduka msika. Matenanti anga sindivutika n'kuwaloweza mayina. Ndimawaitana ndi nambala za pazitseko zawo, ndipo anazolowera, moti ngakhale ana amadziwa kuti mayi awo ndi Nambala Thuu.

Pakhoma la pafupi ndi mpopi ndinapachika thabwa la malamulo, lolembedwa ndi penti wofiira. Loyamba limati madzi otsukira mbale osataya pakhomo. Lachiwiri limati wailesi izimveka m'nyumba mwako mokha. Lachitatu ndinalilemba ndi zilembo zikuluzikulu kuposa anzake: zovala zamkati osayanika pachingwe. Limeneli ndinkalikhulupirira ndi mtima wonse. Pabwalo pamadutsa amuna a eni, pamasewera ana, ndiye munthu wamkulu n'kupachika panti pamenepo ngati mbendera? Mayi anga sanandilere choncho. Ine zaka zonse za ukwati wanga ndinkayanika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, n'kuphimba ndi thaulo pamwamba. Msomali wake anandikhomera ndi malemu amuna anga. Atafunsa kuti ndi wa chiyani ndinati wa thaulo, ndipo sanafunsenso.

Nambala Folo analowa m'nyengo yotentha. Anali mtsikana wamng'ono thupi, woseka msanga, woluka tsitsi ku saluni ya kumsewu waukulu. Mwamuna wake anali wowotcherera zitsulo, munthu wosayankhulayankhula, wa manja odzaza timabala ta moto. Anali atakwatirana zaka ziwiri. Sabata yoyamba yomweyo ndinapeza mapanti atatu ali lendelende pachingwe, wapinki pakati. Ndinawatsitsa ndi mpini wa tsache, n'kumuitana mwini wake, n'kumulozera thabwa lija.

"Kusukulu unapitako, mwanawe?"

"Ndinapitako, amayi."

"Werenga lachitatulo."

Anawerenga, anapepesa atagwada pang'ono, n'kulowa nawo m'nyumba atawafumbata ngati wakuba. Ndinamukonda kuyambira tsiku limenelo. Ndimakonda mwana womva kamodzi.

Kenako mvula inabwera, ndipo chaka chimenecho inabwera ndi mkwiyo. Kunagwa mvumbi wa masiku khumi ndi awiri, dzuwa osalionako ngakhale pang'ono. Makoma ankatuluka thukuta. Mchere unasungunuka m'botolo, machesi anakana kuyaka, nsapato zanga za kutchalitchi zinachita chuku pansi pa bedi. Malaya ankatha masiku atatu pachingwe n'kubwerera m'nyumba akununkha chinyezi. Nambala Folo ankatuluka m'mawa ndi ambulera yothyoka nthiti ziwiri, n'kukafika ku saluni atanyowa kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo ankaima choncho tsiku lonse kumbuyo kwa mitu ya anthu.

M'masiku omwewo mwamuna wake anapeza ntchito kutali, yokawotcherera denga la nyumba yosungiramo katundu. Anatha masabata awiri. Atabwerera sipanathe sabata, ndinayamba kuona kuti mtsikanayo wasintha kayendedwe. Pampopi sankakhala pansi, ankachapa ataima. Diso langa silinama pa zinthu zoterezi.

M'mawa wina ndikukankha madzi pakhonde ndi tsache, anabwera n'kuima pafupi, akuyang'ana uku ndi uku.

"Amayi, ndingakufunseni za chizimayi?"

"Lowa."

Anakhala kunsonga kwa mpando. Anandiuza monong'ona kuti kumusi kukuyabwa mosapatsa mpata, kukutentha akamataya madzi, ndipo kukutuluka zoyera zolimba ngati mkaka wosasa. Anati chibadwire sanaonepo zimenezi.

"Zayamba liti?"

"Lachitatu lapitali."

"Amuna ako anabwera liti?"

"Loweruka lija."

Ndinangomuyang'ana. Iye anandiyang'ananso, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa pang'onopang'ono.

"Ayi, amayi. Iye uja ayi."

"Tonse tinkatero, mwanawe."

Pamenepo ndinamuuza nkhani yomwe sindinauzepo munthu. Malemu amuna anga ankagwira ntchito yokonza misewu. Mvula ikayamba, milatho imaguluka, misewu imadukaduka, ndiye iwo ankachoka kwa masabata, nthawi zina mwezi wathunthu. Akangobwerera, ine kuyabwa. Chaka ndi chaka, nyengo yomweyomweyo. Sindinawafunsepo, chifukwa mkazi wa nthawi yathu sankafunsa. Ndinkangotulutsa bulangete lachiwiri, aliyense lake, n'kutembenukira kukhoma. Iwo ankati, "Kodi ndalakwanji?" Ine n'kuti, "Mukudziwa." Mvula ikatha, zonse zinkatha, bulangete lachiwiri n'kubwerera musutikesi kudikira chaka chamawa. Tinakhala choncho zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Nditamaliza, ndinamupatsa malangizo omwe ine ndinkatsata: agule sopo wa mankhwala wonunkhira mwaukali uja, azisamba mpaka mkati, katatu pa tsiku. Anathokoza n'kutuluka. Ndinamva bwino mumtima, ndisaname. Ndinkaona ngati ndamutsegula maso mwana wa mnzanga.

Zinaipiraipira. Pofika Lamlungu masana, mvula ikuwaza, pa Nambala Folo panabuka phokoso loti lamulo lachiwiri silikanaliletsa. Ndinali pakhonde, ndipo sindinachite kutchera khutu.

"Ndachita chiyani ine?" anatero mwamunayo.

"Ukudziwa!"

"Ndinali padenga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Funsa anzanga."

"Anzako agalu anzako! Ngakhale amayi alandilodi akudziwa zomwe wandibweretsera!"

Chitseko chinatseguka. Mnyamatayo anatuluka ndi chikwama paphewa, chipewa chake chowotcherera chili kumanja. Zitseko zina zonse zinali zitatseguka pang'ono. Anaima pakati pa bwalo mvula ikumunyowetsa, n'kundiyang'ana ine. Sanatukwane. Akanatukwana zikanandipepukira. Anangondiyang'ana, n'kutuluka pageti, ndipo tinamva mawa lake kuti akugona kushedi komwe amagwira ntchito.

Lolemba mtsikanayo anayamba kulongedza. Anapempha makatoni kugolosale, anakulunga makapu m'nyuzipepala. Anati achimwene ake abwera Loweruka ndi galimoto kudzamutenga, ndipo ukwati wathera pomwepo. Ndinamuuza kuti wachita bwino kuchoka asanabereke.

Lachitatu analephera kupita ku saluni. Ndinamupeza atagona chammbali, akulira ndi ululu. Ndinati tiye kuchipatala, ndikuperekeza. Cholinga changa chinali china, ndivomere. Ndinkafuna adokotala alembe papepala, kuti akwawo kwa mwamunayo akadzayamba kukana tidzawaonetse.

Tinadikira pabenchi mpaka masana, pakati pa maambulera odontha ndi ana otsokomola. Anamuitana yekha, anamuyeza, anamutenga magazi ndi mkodzo, n'kutiuza kuti tidikirenso. Ulendo wachiwiri anandigwira dzanja.

"Awa ndi amayi anga," anauza anesi. "Alowe nawo."

Anesiwo anali mayi wonenepa, wa magalasi omangirira chingwe, wooneka kuti nkhomaliro sanadye. Anayang'ana pepala, n'kuvula magalasi.

"Matenda opatsirana pogonana sitinawapeze. Shuga alinso bwinobwino. Tsopano ndiyankheni, asisi. Mapanti anu mumayanika kuti?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi.

"Pachogwirira cha ndowa, pansi pa bedi. Ena kuseri kwa chitseko."

"Amauma?"

"Amauma pang'ono."

"Pang'ono ndiye kuti sauma. Mumavala choncho?"

"Amaumira m'thupi."

Anesi anapukusa mutu, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wamva yankho lomwelo kambirimbiri.

"Sabata ino mokha ndinu wa nambala kaya, ndasiya kuwerenga. Mvetserani. Chuku mukuchidziwa, chimene chimamera pansapato nthawi ino? M'thupi mwa mkazi aliyense mumakhala tizilombo ta mtundu umenewo, tochepa, tosavuta munthu. Koma mukatipatsa chinyezi ndi kutentha tsiku lonse, timaswana. Panti wonyowa, siketi yonyowa, inu chiimire mpaka madzulo. Zimagwira ngakhale mtsikana amene sanadziwepo mwamuna. Nanga kutupaku? Mwakhala mukusambira chiyani?"

"Sopo wa mankhwala. Mpaka mkati."

"Anakuuzani ndani?"

Mtsikanayo sanandiyang'ane n'komwe, ndipo ulemu umenewo unandiwawa kuposa kundiloza chala.

"Musiyiretu lero," anatero anesi. "Mkati mumadziyeretsa mokha. Sopoyo amapha zomwe zimakutetezani. Madzi oyera, kunja kokha, mupukute bwino. Mapanti akhale a thonje, muziyanika panja podutsa mphepo, dzuwa likaoneka alione. Kukakhala mvumbi, sitani ndi simbi mpaka aume gwa. Kuntchito muzinyamula wosinthira. Mankhwalawa mumalize ngakhale kuyabwa kutasiya. Ndipo zikadzabweranso mudzabwere, musadzaganizire nokha. Si kuyabwa kulikonse kuli kotere, n'chifukwa chake timayeza."

Ndinamva mawu anga akutuluka, aang'ono, osafanana ndi a mayi wa thabwa lofiira.

"Nanga zikamabwera chaka ndi chaka, nthawi ya mvula yokhayokha?"

Anesi anavalanso magalasi n'kundiyang'ana.

"Inuyo mumayanika kuti, amayi?"

Pobwerera tinayenda pansi pa ambulera imodzi, tikulumpha zithaphwi. Titafika pamphambano ya kugolosale mtsikanayo anaima.

"Ndinamutcha galu, amayi. Anthu onse akumva."

"Muimbire."

"Ndaimba kanayi tikudikira mankhwala paja. Sakuyankha."

Anaimbanso Lachinayi, osayankha. Anatumiza uthenga, osawerengedwa. Kupita kushedi anati sangathe, miyendo yake siingamufikitse pamaso pa anzake omwe anawatukwana aja. Makatoni anali chikhalire pakona, omangidwa kale. Kwa achimwene ake sanaimbe, chifukwa anati akawaletsa kubwera mwamuna n'kusabwerera, adzakhala ndi ndani m'nyumbamo. Loweruka linali litatsala masiku awiri.

Ine ndine munthu wosapepesa. Ana anga angakuuzeni. Koma Lachisanu m'mawa ndinavala jombo za malemu, zomwe zimandikula, n'kutenga ambulera.

Shediyo inali ya malata okhaokha, kuseri kwa malo okonzera matayala. Mvula padenga, makina odulira zitsulo pansi, phokoso loti munthu sungamve maganizo ako. Anyamata anayi anali atazungulira geti lalikulu logonekedwa pansi. Mwamuna wa Nambala Folo ndinamuzindikira ndi nsapato. Pakona panali katoni yoyalidwa ndi bulangete lopindidwa bwino, ndipo nditaona pogona pakepo ndinachita manyazi.

Mnzake anamugwira paphewa. Anazimitsa moto, n'kukweza chipewa.

"Amayi."

"Ndikufuna tiyankhule, mwana wanga."

Tinaima pakhomo, pomwe madzi a padenga ankagwera mumgolo. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, mawu aulemu ozungulira, koma phokoso lija silinalole zonong'ona. Ndinachita kukuwa. Ine, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, kukuwira mwamuna wa mwini za mapanti, za chinyezi, za ndowa ya pansi pa bedi. Mnyamata yemwe ankadula zitsulo anasankha nthawi yomweyo kuzimitsa makina ake, ndipo mawu oti "panti wonyowa" anamveka shedi yonse. Palibe anaseka. Ndinamupatsa pepala la kuchipatala, lomwe lija ndinkafuna kukaonetsa akwawo.

Anawerenga pang'onopang'ono, n'kulipinda, n'kundibwezera.

"Amayi, ndifunse nawo. Inu munandiona ndi ndani?"

"Palibe."

"Munamva kwa ndani?"

"Palibe."

"Ndiye munadziwa bwanji?"

"Ndinadziwira kwa amuna anga. Ankachokanso nthawi ya mvula."

Anapukuta manja pa ovololo. Kenako anafunsa, mofatsa, osati mondinyoza, ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Iwowo munawaona ndi ndani?"

Madzi ankagwera mumgolo muja. Ndinayang'ana jombo zomwe ndinavala.

"Wolakwa ndine," ndinatero. "Mwana uja anabwera kwa ine ndi matenda, ine ndinamupatsa mlandu. Lamulo lomuletsa kuyanika panja ndi langanso. Ukafuna kukwiya, kwiyira ine. Achimwene ake akubwera mawa masana."

"Ndamva," anatero, n'kutsitsa chipewa.

Ndinabwerera osadziwa ngati ndakonza kapena ndaonjezera. Mtsikanayo anandidikira pageti. Ndinamuuza kuti wati wamva, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti mawu amenewo angatanthauze chilichonse.

Loweruka kunacha kuli mitambo, koma mvula itapuma. Cha m'ma eyiti ndinamva wilibala ikulira pageti. Anali iye, atakweza mapaipi anayi achitsulo, waya, thumba la simenti lotsala theka ndi malata awiri oonekera mkati aja. Sanayang'ane ku Nambala Folo. Anabwera molunjika pakhonde panga.

"Amayi, mphepo imadutsa pati kwambiri pabwalo pano?"

Ndinamulozera pakati pa mpopi ndi mpanda, pomwe zinyalala zimaunjikana kukawomba mphepo. Anakumba maenje anayi. Mwamuna wa Nambala Sikisi anatuluka kudzamugwirira mapaipi osafunsa kuti n'za chiyani. Pofika cha m'ma leveni panali pataima kadenga kotseguka mbali zonse, kolowa kuwala, mawaya atatu atakokedwa pansi pake. Anagwedeza paipi imodzi kuona ngati yalimba, n'kuyamba kutolera zida zake, pang'onopang'ono kwambiri kwa munthu amene amagwira ntchito mwachangu.

Akazi onse anali pazitseko zawo. Aliyense anadziwa ntchito ya kadengako, chifukwa pabwalo langa nkhani siigona m'nyumba imodzi. Koma mawaya anali opanda kanthu, ndipo thabwa lofiira linali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pa paipi yoyamba. Nambala Folo anaima pakhomo pake atagwira felemu, maso ali pa wilibala. Palibe anasuntha. Onse ankadikira ine.

Ndinalowa kuchipinda, n'kutseka chitseko kuti ndifike kuseri kwake. Ndinachotsa thaulo. Mapanti anga anali awiri, ochapa dzulo, ozizira m'manja. Si okongola, ndikuuzeni. Ndi aakulu, otuwa, lasitiki yake inatopa kalekale. Ndinatuluka nawo osawafumbata, ndinadutsa bwalo lonse, n'kuwapachika pa waya wapakati, aliyense ndi mapegi ake awiri.

"Amayi!" anakuwa Nambala Thuu, atagwira pakamwa. "Amenewo ndi mapanti kapena makatani?"

"Bweretsa ako tione ngati ali a silika."

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, ngakhale mwamuna wa Nambala Sikisi, yemwe anathawira m'nyumba akugwira m'mimba. Ndinatenga mpeni wa kukhitchini n'kuyamba kupala lamulo lachitatu. Penti wofiira ndi wouma mutu, ndipo zilembo ndinazilemba zazikulu.

Ndikupala choncho, Nambala Folo anadutsa kumbuyo kwanga ndi kabeseni. Anayanika ake pa waya wakumapeto, wapinki uja ali pomwepo. Pegi imodzi inamupulumuka n'kugwera m'matope. Mwamuna wake anawerama, anaitola, anaipukuta pa ovololo, n'kumupatsa. Anayang'anana. Mtsikanayo ananena mawu ena motsitsa, sindinawamve, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinayese kuwamva.

"Chikwama changa chili pansi pa simentipo," anatero mwamunayo.

Mtsikanayo anachikoka, anachikutumula fumbi, n'kuchinyamula ndi manja awiri kulowa nacho m'nyumba. Patapita kanthawi ndinamumva pafoni akuuza achimwene ake kuti asavutike ndi mafuta.

Ndinasangalala, zoona. Koma chisangalalo chake sichinakhalitse, chifukwa pomaliza ndinayenera kubwerera kuchipinda kwanga. Ndinatseka chitseko. Msomali unali pomwe unakhala zaka zonsezi, wopanda kanthu, wadzimbiri pang'ono, wokhomedwa mowongoka bwino ngati zonse zomwe bambo aja ankakhoma. Ndinakumbukira momwe ankafikira kuchokera kumisewu, matope mpaka m'mawondo, atandigulira kansalu kapena sopo wonunkhira, akumwetulira pakhomo. Patangopita masiku ochepa ankapeza bulangete lachiwiri pabedi. Mwina anayendadi, sindingalumbire. Mwina ayi. Wondiyankha anapita zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo ine ndinali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi zoti ndifunse.

Ndinakhala pabedi, mbali yomwe ankagona iwo. Panja mvula inayambanso kuwaza pa malata atsopano aja, akazi akuitanizana mapegi. "Kodi ndalakwanji?" ankatero, chaka ndi chaka, akuyankhula ndi msana wanga. Ine n'kuti mukudziwa.

Sankadziwa.